Makanda obanika kuchigwa cha Shire: kupima mtembo kumatiuza chiyani?

Khanda likamwalira m'mudzi kuno kuchigwa, maliro ake sachedwa. Dzuwa la ku Nsanje ndi ku Chikwawa silidikira munthu, ndipo mwambo nawo sufuna kuti kamtembo kotere kagonere. Ngati mwanayo anali wongobadwa kumene, amayi achikulire okha ndiwo amamunyamula kukamuika, popanda kulira kwambiri. Pobwerera kumanda ndi pamene funso limayamba kuyenda chapansipansi: chatenga mwanayu n'chiyani? Wina amati chibayo. Wina amati malungo, poti thupi linatentha. Pakapita masiku mumamva kuti linali tsempho, ndipo zala zimayamba kuloza bambo kapena mayi wa mwanayo. Palibe amene anaona m'chifuwa mwake, ndipo m'kaundula wa chipatala dzina lake mulibe.

Zambiri mwa imfa zoterezi zimayamba ndi chimfine. Pali mavairasi angapo amene amagwira njira ya mpweya, monga wa fuluwenza, adenovirus ndi parainfluenza, koma kachilombo kovutitsa kwambiri makanda ndi kamene madokotala amakatchula kuti RSV, chidule cha respiratory syncytial virus. Si kachilendo ayi. Asayansi anakapeza mu 1956, ndipo pafupifupi mwana aliyense padziko pano amakhala atadwalapo nako asanakwanitse zaka ziwiri. Kwa munthu wamkulu kapena mwana wa sukulu, ndi mamina ndi kutsokomola kwa masiku ochepa basi. Mkulu wake wa khanda amakatenga kosewera, kubwera kudzapsompsona mng'ono wake kapena kumugwira ndi manja omwe wangominira, basi kalowa m'nyumba.

Chomwe kamaphera khanda n'kumusiya mkulu wakeyo ndi kapangidwe ka mapapo. Mpweya ukadutsa pakhosi umagawikana m'timipaipi tomwe timanka ticheperachepera mpaka kukafika pa timatumba pomwe magazi amatengera okosijeni. Amene anaonapo minda ya mthirira ku Kasinthula kapena ku Nchalo akudziwa kuti ngalande yaikulu imayendabe ngakhale mutagwera zinyalala, koma kangalande kakumapeto kamatsekeka ndi timatope tochepa. Timipaipi ta khanda la miyezi iwiri ndi totero. Kachilomboka kamawononga m'kati mwa timipaipito, timatupa, makhololo amadzadza, ndipo mpweya umalowa movutikira n'kutuluka movutikira koposa. Ndiye kamluzu kamene mumamva mukaika khutu pachifuwa cha mwana.

Masiku awiri oyamba sachititsa mantha: mamina, kuyetsemula, thupi lofunda pang'ono, mwinanso osatentha n'komwe. Kawirikawiri zinthu zimaipa kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu, nthawi imene pakhomo ayamba kuganiza kuti chimfinecho chikupita. Khanda limapumira kwambiri m'mphuno, choncho mphuno zikatsekeka silitha kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Limagwira bere, kukoka kawiri katatu, n'kulisiya likulira. Mukalivundukula, mumaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati nthawi iliyonse likamakoka mpweya, timphuno tikutukuka, kamutu kakugwedezeka pa mpweya uliwonse. Ena amabuula popuma. Choopsa kwambiri chimachitikira makanda aang'ono zedi, makamaka obadwa masiku osakwana: amangosiya kupuma kwa kanthawi, milomo n'kuda, asanatsokomole n'komwe. Ana otere ndi amene amapezeka atazizira m'bandakucha pambali pa mayi awo, mudzi wonse n'kugwira pakamwa.

Alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi anaphunzitsidwa kuwerenga mpweya wa mwana kwa mphindi imodzi yathunthu, mwanayo ali phee. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ake ndi 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi 40. Palibe chovuta pamenepa choti mayi kapena agogo angalephere, bola pakhale foni yoonetsa nthawi. Ndikanakonda kuwerengaku kukanaphunzitsidwa kusikelo mwakhama momwe anatiphunzitsira kasungunulidwe ka Thanzi ORS, chifukwa mwana wopuma mothamanga, wolowa nthiti, kapena wokana bere, ndi wonyamuka naye nthawi yomweyo osadikira kuche.

Mankhwala alipo, koma si amene timaganiza

Amokisilini ndi majakisoni a kuchipatala amapha mabakiteriya, osati vairasi. Madokotala amaperekabe mankhwalawa kwa mwana wobanika, ndipo salakwitsa, chifukwa poyang'ana ndi maso okha sungasiyanitse chibayo cha vairasi ndi cha bakiteriya, komanso nthawi zina bakiteriya amalowerera m'mapapo omwe vairasi yawafooketsa kale. Koma chomwe chimapulumutsa mwana wa RSV ndi kumugwiriziza mpaka thupi lake ligonjetse lokha kachilomboko: mpweya wa okosijeni, kuyamwa mamina otseka mphuno, ndi kumupatsa mkaka wa m'mawere kudzera m'kapaipi ka m'mphuno akalephera kuyamwa. Pali kachipangizo komwe amapanitsa pachala kapena paphazi, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 mwanayo akufunika mpweya. Zikafika povuta pali makina a CPAP, omwe amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti timipaipi tija tisatsekeke. Makina otere otsika mtengo otchedwa Pumani anapangidwa mogwirizana ndi a Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo anafalitsidwa m'zipatala za m'maboma.

Zonsezi zimafuna magetsi, namwino woyang'anira usiku wonse, ndiponso kuti mwana afike. Apa ndi pamene chigwa chathu chimavutikira. Wochokera m'katikati mwa Chapananga amayamba ndi kabaza asanaone galimoto. Wa kutsidya la kum'mawa kwa Shire amadalira chipatala cha Trinity ku Muona kapena msewu wa ku Thabwa, womwe mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imaudula mvula ikakula. Anthu a ku Makhanga akudziwa bwino za kukhala pachilumba, monga zinachitikira pa madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ndipo madzi akathamangitsa anthu, mabanja ambiri amagona m'kalasi imodzi pamsasa, wina akatsokomola onse apuma mpweya womwewo. Kuchoka pa boma la Chikwawa kukwera phiri mpaka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50, kuchokera ku Nsanje ndi oposa 170. Khanda lomwe mpweya ukulithera silingadikire ulendo wotere.

Utsi wa nkhuni nawo umanenedwa kwambiri, ndipo ndi woipadi m'mapapo. Komabe kafukufuku wamkulu wa mbaula zochepetsa utsi, amene anachitikira konkuno ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anapeza kuti mbaulazo pazokha sizinachepetse chibayo. Zinatiphunzitsa kuti chinthu chooneka chanzeru chimafunikabe kuchiyesa. Katemera ndiye anasinthadi zinthu: woteteza ku bakiteriya wotchedwa Hib analowa m'dziko muno mu 2002, ndipo wa PCV13, woteteza ku bakiteriya wina wa chibayo, mu Novembala 2011. Mabakiteriya awiri akuluakuluwa atachepa mphamvu, gawo la mavairasi linayamba kuonekera poyera. Kafukufuku wa PERCH, wochitikira m'maiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Zambia ndi Kenya, anaonetsa mu 2019 kuti mwa ana opanda HIV ogonekedwa ndi chibayo chachikulu, pafupifupi 61 pa 100 aliwonse anadwala chifukwa cha mavairasi, ndipo RSV yokha inatenga 31.

Ana omwe sawerengedwa

Akatswiri anawerengetsa kuti m'chaka cha 2019 RSV inapha ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 101,000 padziko lonse, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana miyezi isanu ndi umodzi. Oposa 97 pa 100 aliwonse anali a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Chondikhudza kwambiri pa chiwerengerochi ndi chakuti mwana mmodzi yekha mwa anayi ndiye anafera m'chipatala. Atatu enawo anafera pakhomo kapena panjira.

Umboni wamphamvu pa nkhaniyi unachokera kwa anansi athu a ku Zambia. Kuyambira 2017 mpaka 2020, ofufuza a ku Boston University ndi anzawo a ku Lusaka anakhazikika panyumba ya chisoni ya University Teaching Hospital, komwe kumafikira mitembo ya ofera m'chipatala ndi ya ofera m'makomo yomwe. Makolo akalola, ankalowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mwa khanda lomwalira, monga tinkaonera nthawi ya Covid-19, n'kukayeza ndi makina a PCR omwe amazindikira kachilombo ngakhale katafa kale. Anayeza makanda 2,286 osakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo RSV inapezeka mwa 7 pa 100 aliwonse. Mwa omwe anapezeka nayo, pafupifupi awiri mwa atatu anafera kunja kwa chipatala. Umu ndi mu Lusaka, mumzinda wa tala ndi minibasi. Munthu akaganiza za midzi ya m'mphepete mwa Dambo la Ndinde kapena kumalire a Marka, mtima umawawa.

Njira yomwe yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwambiri pofuna kudziwa chomwe chapha munthu pakhomo ndi kufunsa anamfedwa. Pakapita masabata, munthu wophunzitsidwa amabwera ndi mafunso: anatsokomola masiku angati, ankapuma bwanji, anakomoka, anatsegula m'mimba? Njirayi ndi yothandiza, koma ili ndi malire. Khanda lodwala RSV, lodwala chibayo cha bakiteriya, lokhala ndi tizilombo m'magazi, ngakhale lobadwa ndi vuto la mtima, onsewa amathera mofanana: kubanika ndi kukana bere. Mayi anganene molondola zonse zomwe anaona, koma dzina la kachilombo silingatuluke m'mafunso.

Ngakhale dokotala amene anamuona mwanayo ali moyo akhoza kuphonya. Izi zinaonekera kwathu konkuno. Ku Queen Elizabeth, gulu la Terrie Taylor, dokotala wa ku America wofufuza za malungo, linapima mitembo ya ana omwe madokotala anali atatsimikiza kuti afa ndi malungo a mu ubongo. Mu 2004 linalengeza kuti mwa ana 31, asanu ndi awiri anali atafa ndi matenda ena, ngakhale kuti m'magazi mwawo munalidi tizilombo ta malungo. Kuno kuchigwa, komwe udzudzu suona nyengo, phunziroli ndi lathu kwambiri. Mwana akhoza kupezeka ndi malungo pa kachipangizo koyezera magazi, kulandira LA, pamene chomwe chikumutsamwitsa chili m'mapapo.

Kupima popanda kung'amba

Kupima mtembo kwathunthu, kotsegula chifuwa ndi mutu, ndiye kumapereka yankho lomveka bwino koposa. Koma ndi makolo angati angalole zotere pa khanda lawo? Ambirife kupima mtembo timakumva pa milandu ya apolisi, pomwe akuganizira chiphe kapena kuphedwa. Madokotala odziwa ntchitoyi m'Malawi ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Choncho ofufuza anakonza njira ina, imene anaiyesa poiyerekeza ndi kupima kwathunthu pa chipatala chachikulu cha Maputo ku Mozambique. Amaitcha MITS, chidule cha minimally invasive tissue sampling.

Thupi siling'ambidwa. Amalipukuta bwino, kenako amagwiritsa ntchito singano yapadera yomwe imalowa pakati pa nthiti n'kutuluka ndi kanyama kowonda ngati ulusi. Amatero m'mapapo onse awiri ndi m'chiwindi, nthawi zina ndi mu ubongo. Amatenganso magazi pang'ono, madzi a mu msana, ndi za m'mphuno. Pakhungu pamangotsala timabowo tating'ono tomwe amatseka, nkhope siisintha, palibe chiwalo chomwe chachotsedwa, ndipo abale amalandira thupi tsiku lomwelo n'kukalisambitsa ndi kulikulunga monga mwa mwambo wawo. Ku labotale, gawo lina la tinyamato amaliyeza ndi PCR pofufuza tizilombo tambirimbiri nthawi imodzi, gawo lina amalidula mopyapyala n'kuliika pa maikulosikopu.

Kuyang'ana pa maikulosikopuku ndiko kumasiyanitsa njirayi ndi kamtengo ka m'mphuno, ndipo mpofunika kumvetsa bwino. Kupezeka kwa kachilombo m'mphuno si umboni wokwanira woti ndiko kapha. Ana ambiri athanzi amayenda ndi tizilombo ta chimfine m'mphuno akusewera bwinobwino. RSV ndi yosiyanako, chifukwa siipezeka kawirikawiri mwa mwana yemwe sakudwala, komabe ngakhale ofufuza a ku Lusaka sananene kuti khanda lililonse lopezeka nayo linafa nayo. Kanyama ka m'mapapo ndi komwe kamaonetsa ngati timipaipi tija tinatupadi ndi kutsekeka, ngati kachilomboko kali m'kati mwenimweni mwa malo owonongekawo, kapena ngati muli mafinya osonyeza bakiteriya. Zikatero gulu la akatswiri, dokotala wa ana, wa mitembo, wa tizilombo ndi ena, limakhala pansi ndi zotsatirazo pamodzi ndi mbiri ya kuchipatala ndi zomwe makolo anafotokoza, n'kugwirizana chomwe chinayambitsa ndi chomwe chinamaliza.

Ntchito yaikulu ya mtundu umenewu ndi ya CHAMPS, yomwe inayamba mu 2015 motsogozedwa ndi Emory University ndi thandizo la Gates Foundation. Imagwira m'maiko monga South Africa, Kenya, Mali, Ethiopia, Sierra Leone, Bangladesh ndi Mozambique, komwe ili ku Manhiça ndi ku Quelimane, likulu la chigawo cha Zambezia chomwe tayandikana nacho. Chimodzi mwa zomwe yaonetsa ndi chakuti mwana kawirikawiri saphedwa ndi chinthu chimodzi. Pansi pamakhala kunyentchera, HIV kapena kubadwa masiku osakwana, pamwamba pake pamabwera vairasi, kenako bakiteriya monga Klebsiella pneumoniae, yemwe kale sankaganiziridwa kwambiri, amadzamaliza. Yaonetsanso kuti zambiri mwa imfazi zikanapeweka ndi chithandizo chomwe chilipo kale. Ku Malawi kuno njira ya singanoyi inayesedwapo pa ana omwalira ku Queen Elizabeth, ndipo asanayambe ofufuza anayamba afunsa makolo, atsogoleri a mipingo ndi ogwira ntchito m'chipatala momwe akuionera.

Kufunsako sikungalumphidwe. Tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zomwe zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe. Tikudziwanso kuti nkhani za kugulitsa ziwalo si nthano chabe m'dziko lomwe abale athu achialubino aphedwa ndi kufukulidwa m'manda. Munthu amene akuopa mlendo wobwera ndi singano pa mtembo wa mwana wake si mbuli, ali ndi zifukwa zake. Komanso mwana si wa bambo ndi mayi okha. Mayi wofedwa kumene, misozi ili m'maso, sangapereke yekha chilolezo pamene mwini mbumba, agogo ndi akuchimuna sanamve, ndipo kumudzi nyakwawa ndi amfumu ayenera kukhala atadziwa kale za ntchitoyi imfa isanagwe. Wofunsa ayambe ndi kupepesa maliro, anene poyera kuti, “Malume, mukakana palibe chomwe chisinthe, thupi mutenga nthawi yomweyino,” ndipo alole wachibale mmodzi kuonerera ngati banja likufuna.

Palinso nkhani ya nthawi. Zoyezazi zimafunika kutengedwa pasanathe maola 24, kapena kupitirirako pang'ono ngati thupi lili m'firiji, chifukwa likayamba kuwonongeka mabakiteriya a m'matumbo amafalikira n'kusokoneza zotsatira. M'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kutentha kukadutsa madigiri 40 ku Ngabu, maola amenewo amafupika. Choncho kuno ntchito yotere singatheke poyembekeza kuti banja libweretse lokha mtembo ku boma. Pamafunika uthenga wofulumira kuchokera kwa mlangizi wa zaumoyo kapena amfumu, galimoto yotenga thupi ndi kulibweza adzukulu asanamalize kukumba, ndi kuti banja lisalipire kalikonse.

Ine ndimakhulupirira kuti ngongole yaikulu ya ofufuza ili kwa banjalo. Zotsatira zimatenga masabata kapena miyezi, koma zikatuluka wina abwerere pakhomo paja, akhale pamphasa, afotokoze m'Chichewa kapena m'Chisena chomveka. Mayi yemwe wakhala akunong'onedwa kuti anathira mchere m'ndiwo asanayere, kapena bambo yemwe akumuti anayenda njira zina mwana asanatengedwe, ayenera kumva pamaso pa akuluakulu a banja kuti mwanayo anatsekeka mapapo ndi kachilombo komwe kamagwira ana onse. Maukwati atha chifukwa cha imfa zotere, ndipo agogo ena athamangitsidwa m'midzi powaganizira ufiti. Yankho limathandizanso pa mwana wotsatira, makamaka ngati papezeka HIV, chifuwa chachikulu kapena matenda oyenda m'magazi a banja.

Chifukwa china chowerengera ana awa ndi chakuti tsopano njira yowatetezera ilipo. Kwa zaka zambiri kunalibe katemera wa RSV, chifukwa woyamba yemwe anayesedwa ku America m'zaka za m'ma 1960 anakulitsa matenda m'malo moteteza, ana awiri n'kumwalira, ndipo asayansi anabwerera m'mbuyo kwa nthawi yaitali. Mu 2023 kunavomerezedwa katemera wobaya mayi woyembekezera. Thupi la mayi limapanga chitetezo, chitetezocho chimadutsa mu nsengwa kupita kwa mwana, ndipo amabadwa nacho. Pomuyesa, katemerayu anachepetsa matenda aakulu a RSV ndi pafupifupi 82 pa 100 m'miyezi itatu yoyamba ya mwana, ndi 69 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi. Palinso jakisoni wotchedwa nirsevimab, yemwe amabaya khanda lenilenilo kamodzi n'kulipatsa chitetezo chopangidwa kale, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Mu 2025 bungwe la WHO linalangiza maiko onse kuti asankhe imodzi mwa njira ziwirizi, ndipo Gavi, yomwe imathandiza Malawi kugula akatemera, inavomera kuthandiza pa katemera wa amayiyu.

Unduna wa Zaumoyo ukamasankha katemera woti ulowetse, umayang'ana kuchuluka kwa omwe akudwala ndi kufa, ndipo ziwerengero zimachokera m'mabuku a zipatala. Ngati ana atatu mwa anayi akufera kunja, mabukuwo akuonetsa kachigawo kochepa ka vutoli, ndipo maboma omwe anthu ake amavutika kwambiri kufika kuchipatala ndi amene amaoneka ngati alibe vuto. Katemerayo akadzafika, adzafunanso kuti tikonze zathu. Amaperekedwa kuyambira sabata ya 28 ya pathupi, ndipo pamafunika masabata angapo mwana asanabadwe kuti chitetezo chiwoloke. Izi zikutanthauza kuti namwino adziwe molondola msinkhu wa mimba, firiji ya pachipatala chaching'ono ikhale ikugwira ntchito, ndipo mayi wa ku Makhanga kapena ku Chapananga ayambe sikelo msanga n'kubwereranso m'miyezi yomaliza, yomwe kwa ena imagwera m'dzinja misewu itaduka.